Kusambitsa ndi Kusunga Agalu a Eni ku Warren Park

Nkhani ya lero ingadabwitse omvera ambiri a kumidzi, pakuti ndi ya munthu wosambitsa agalu a eni ndi kuwasunga pakhomo pake, nalandirapo ndalama. Ku Dedza kapena ku Chipata galu amasamba mvula ikagwa, nadzifunira yekha pogona. Mumzinda wa Harare zinthu zili mwina, ndipo woganiza zoyamba ntchito yotere m'komboni monga Warren Park ayenera kudziwiratu zimene zili kumudikira.

Ntchitoyi si yachilendo kwa a ku Malawi okhala ku Zimbabwe. Masiku aja Harare ali kutchedwa Salisbury, dzina limene linasinthidwa mu 1982, ambiri a iwo anali makhukhi ndi anyamata a m'galadeni m'nyumba za Azungu, ndipo kusambitsa galu wa bwana, kumupesa ndi kumuchotsa nkhupakupa inali ntchito yawo ya mlungu ndi mlungu. Chatsopano ndi chakuti tsopano munthu afuna kuichitira pakhomo pake, wopanda bwana.

Tsono pakhomopo ndi pamene pagona vuto. Warren Park ali kumadzulo kwa mzinda, pafupi ndi Heroes Acre ndi msewu waukulu wonka ku Bulawayo, ndipo anamangidwa m'zaka zoyamba dziko litalandira ufulu mu 1980. Mapuloti ake ngaang'ono, ambiri a masikweya mita 200 kapena 300, kotero kuti wotsokomola m'nyumba ina amveka m'nyumba inzake. Malamulo a agalu a khonsolo ya Harare, a chaka cha 1993, amati pa puloti yosafika masikweya mita 2,000 pasakhale agalu oposa 2, ndipo pa yaikulu kuposa apo asapitirire 4. Chotero amene ali kale ndi galu wake, malo omutsalira ndi a mlendo mmodzi yekha. Wofuna kusunga ambiri ayambe wakafunsa ku khonsolo, asanagule ngakhale msomali wa khola. Ndiponso lamulo likadakhala chete, anansi sakadakhala chete ayi. Galu wosiyidwa pachilendo amalira usiku wonse kufuna mbuye wake, ndipo mayi wa kuseri kwa mpanda, amene alawirira kumsika tambala asanalire, akakadandaula palibe angamudzudzule.

Komatu ofuna kusungiridwa agalu alipo ndithu, makamaka mu Disembala pamene mabanja anka kumudzi, ena mpaka ku Malawi podzera ku Nyamapanda ndi ku Tete. Wolandira galu wa apaulendo otere asamulowetse pachipata asanaone khadi la katemera wa chiwewe, amene galu ayenera kuyamba kulandira ali ndi miyezi 3. Nthenda imeneyi inalowanso m'dzikolo mu 1950 ndipo siinatuluke mpaka lero. A World Health Organization amawerengera kuti imapha anthu ngati 59,000 pachaka pa dziko lonse lapansi, ochuluka a mu Africa ndi Asia, ndipo zizindikiro zake zikangooneka pafupifupi palibe wochira. Pabwalo lopapatiza, ana ali kusewera pomwepo, galu wamantha sachedwa kuluma. Wolumidwa atsuke balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, nathamangire kuchipatala tsiku lomwelo, asadikire kuti aone ngati galuyo adwala.

Kusambitsa nkopepukirapo, pakuti galu amabwera m'mawa nabwerera masana. Chosowa ndi madzi. Madzi a mzindawu amachokera ku Lake Chivero, natsukidwa ku Morton Jaffray, ndipo ngakhale mapampu a Warren Control ali pafupi pomwepo, mipope ya m'makomboni imauma masiku angapo otsatizana. Kuthira galu ndowa zitatu pamaso pa anthu amene achezera pamzere wa pamjigo ndi kudziitanira mawu. Madzi a dipi nawonso ndi poizoni, osayenera kutayidwa m'ngalande imene ana amapondamo. Chifukwa chake nzeru ndi kunyamula burashi, sizasi, sopo ndi thaulo m'chikwama, ndi kunka kumene kuli galuyo, monga ku Belvedere kapena ku Mabelreign, kumene mabwalo ngotakasuka ndipo madzi ndi a mwini galu.

Wosambitsa ndiye amayamba kuona zimene mwini sanaone: utitiri m'mimba, mphere kumakutu, nkhupakupa pakati pa zala. Akakweza mlomo wa galu napeza usinini uli mbee, galuyo nakana chakudya, aganizire malungo obwera ndi nkhupakupa, amene amatha magazi msanga. Pamenepo ake ndi kuuza mwini kuti apite kwa dotolo wa ziweto kapena ku SPCA. Kubaya jekeseni si kwake.

Otsala ndi kabuku. Mmenemo alembe dzina la galu, chakudya chimene anazolowera, wolipira dotolo akadwala, tsiku lodzamutenga, ndi dzina la mbale wokhala mu Harare momwemo amene angamulandire ngati mwini wachedwa kumudzi mpaka Januwale. Onse awiri asayine galu asanamasulidwe chingwe.