Mpweya wa Odwala Ali Kunyumba: Amalipira Ndani?

Poyamba kokani mpweya, kenaka muutulutse. Mwalipira ngwee zingati? Palibe.

Mwa magawo 100 a mpweya umene timapuma, 21 ndi oksijeni, amene thupi silingakhale ndi moyo popanda iye. Koma alipo anthu amene mapapo ao anafooka, kotero kuti oksijeni wolowa m'magazi ao sakwanira. Otere amafuna botolo la oksijeni, kapena makina a magetsi amene amasefa mpweya wa m'cipinda nautumiza m'mphuno kupyolera m'kapaipi. Zipangizozi n'zodula, ndipo ena amazifuna usana ndi usiku.

Ku United States of America, boma linakhazikitsa thumba la inshuwalansi lochedwa Medicare m'caka ca 1965, makamaka la anthu a zaka 65 ndi kuposerapo. Dokotala akatsimikiza kuti oksijeni wacepa m'magazi, wodwala napereka kagawo koyamba ka pacaka, thumbali limalipira magawo 80 mwa 100 a ndalama zobwerekera makinawo kwa miyezi 36. Motero nkhalamba imagona m'nyumba mwake, pakati pa adzukulu, m'malo mokhalitsa m'cipatala.

Ndalamazo zimacokera ku misonkho ndi zopereka za pamwezi za anthu ambiri, odwala ndi alunga omwe. Paja mutu umodzi susenza denga. Kwathu kuno ku Zambia, lamulo la inshuwalansi ya umoyo linakhazikitsidwa m'caka ca 2018.

Aphunzitsi, kambiranani ndi ana funso ili: cifukwa ninji munthu amene sakudwala ayenera kuponyamo ndalama m'thumba lotere? Tsalani bwino.