Zimene Seva ya Khonsolo Imachita Magetsi Akabwera



Munthu akapita ku ofesi ya khonsolo kukalipira chiphaso cha bizinesi kapena msonkho wa malo, amangoona kalaliki ndi kompyuta yake. Koma kaundula sakhala m'kompyuta ya kalalikiyo. Amasungidwa mu seva, kompyuta yokhala m'chipinda chokhoma, imene imatumikira makompyuta ena onse. Magetsi akazima n'kubweranso, sevayo imadzuka, ndipo podzukapo imatsata malamulo olembedwa kale onena pulogalamu yoyamba ndi yotsatira. Malamulowo akasokonekera, magetsi amayaka koma mzere wa anthu suyenda, ndipo mayi amene wasiya malonda ake pamsika amataya tsiku lathunthu.

Pa maseva a Linux, kale malamulowa ankalembedwa m'timafayilo ta mu /etc/init.d, ndipo mapulogalamu ankadzuka motsatizana potengera manambala. M'chaka cha 2015, Debian ndi Ubuntu zinasamukira ku systemd, imene imadzutsa mapulogalamu angapo nthawi imodzi, pokhapokha itauzidwa kuti wakutiwakuti atsogole. Vuto limagona pamenepa. Pulogalamu yolemba malisiti ikadzuka nkhokwe ya kaundula isanadzuke, imapeza chitseko chotseka n'kugwa, kalaliki n'kumangoti makina sakuyenda.

Mbali ina ya ntchitoyi ndi kuzimitsa zosafunika. Seva imatha kukhala ndi mapulogalamu oyenda mwakachetechete ngakhale palibe wowagwiritsa ntchito, ndipo ena mwa iwo amasiya khomo lotsegula pa netiweki. Mu Meyi 2017, kachilombo ka pakompyuta kotchedwa WannaCry kanalowera pakhomo lotere, la njira yakale yogawanira mafayilo pa Windows yotchedwa SMBv1. Kanamanga mafayilo m'mayiko ambiri n'kumaitanitsa dipo, ndipo zipatala zina za boma ku Britain zinabweza odwala. Microsoft inali itatulutsa kale chotsekera khomolo mu Malichi chaka chomwecho, koma ambiri anali asanachiike. Amene anali atazimitsiratu njira yakaleyo, kachilomboko sikanapeze polowera pakhomo limeneli.

Kuzimitsa kwakeko kuli mitundu itatu, ndipo ngakhale ophunzira bwino amaisokoneza. Lamulo la systemctl stop limaimitsa pulogalamu pa nthawiyo, koma seva ikadzukanso nayo imadzuka. Lamulo la systemctl disable limaichotsa pa mndandanda wa zodzuka, koma siliimitsa imene ikuyenda kale. La systemctl mask ndiye limatsekeratu, moti ngakhale pulogalamu ina ikaiitana siingayankhe. Katswiri amene wangoimitsa n'kupita kwawo poganiza kuti watseka khomo, magetsi akadzazima n'kubwera adzalipeza lili pululu.

Komatu kuzimitsa mwaphuma nakonso n'koopsa. Wozimitsa SSH ali kutali amadzitsekera yekha kunja, ndipo ayenera kuyenda ulendo kukaima pamaso pa sevayo. Choipa koposa ndi kuzimitsa pulogalamu yokopera kaundula usiku uliwonse, chifukwa palibe chimene chimaoneka kuti chalakwika mpaka tsiku limene kaundulayo wawonongeka ndipo anthu akufunsa za malipiro awo. N'chifukwa chake akatswiri a khonsolo ayenera kusintha chinthu chimodzi pa nthawi, kulemba m'buku chimene asintha, kenako kuzimitsa ndi kuyatsanso sevayo dala pa tsiku limene ofesi ndi yotseka, kuti aone ngati zonse zikudzuka m'malo mwake.

Kwa inu okhala m'wodi muno, pempho ndi lakuti musasiye ndalama kwa aliyense popanda lisiti la khonsolo, ngakhale mutauzidwa kuti makina aima, ndipo lisitilo mulisunge. A khansala nawonso, pokambirana bajeti, akapeza mzere wa mabatire a seva asafulumire kuufufuta: mabatirewo ndi amene amapatsa sevayo mphindi zochepa zoti itseke kaundula bwinobwino magetsi akathima mwadzidzidzi.