Zopita nazo ndi zobwera nazo pa ulendo wa tchuthi

(Mawu amene mayi wina wa kalabu yathu ya omvera wailesi analankhula pa msonkhano wa kumayambiriro kwa Novembala kuno ku Angonia. Tawalemba monga anawalankhulira.)

 Ine sindine mlangizi, sukulu ya ziweto sindinapiteko. Mwandipatsa mpata uno chifukwa mumandiona ndi zolukira m'manja tsiku ndi tsiku, ndiye mwati ndilankhuleko za zoluka ndi za maulendo, poti ana atsala pang'ono kutsekera sukulu. Ndilankhula zimenezo, koma mundilole ndikafike mpaka ku khola, chifukwa nkhani yanga inakathera kumeneko.

Ndiyambe ndi ulusi. Kuno kumtunda kwathu Juni ndi Julayi sasewera, mwana wopanda juzi amafika ku sukulu mano akugundana. Koma ulusi wa m'sitolo ndi wodula. Ine ndimagula majuzi akale pa mulu wa kalamidade, amene anzathu a ku Dedza amati kaunjika, n'kuwamasula. Posankha musakopeke ndi maonekedwe. Tembenuzani juziyo muone msoko wake. Ngati m'mphepete munachita kudulidwa n'kusokedwa ndi makina ngati malaya, isiyeni, ulusi wake umangotuluka tizidutswa. Yabwino ndi imene kutsogolo, kumsana ndi manja zinalukidwa pazokha kenako n'kulumikizidwa. Imeneyo mukapeza nsonga basi, inu mukukoka mwana akukulunga.

Ulusi womasula umakhala wopotanapotana. Ndimauzunguliza pa chotsamira cha mpando, kuumanga malo anayi kuti usakolane, kuuviika m'madzi ofunda, ndi kuupachika pa mthunzi nditamangirira kamwala kumunsi. Ukauma umawongoka. Chinanso, tenthani kachidutswa muone. Ubweya weniweni wa nkhosa umanunkha ngati tsitsi lopserera ndipo umasanduka phulusa. Wa pulasitiki umasungunuka n'kuuma ngati mkanda. Ambiri mwa majuzi a pa mulu ndi a pulasitiki, ndipo amafunda ndithu, koma mwana wovala wotere musamusiye akuwotha moto pafupi, chifukwa ukagwira moto umamatirira pakhungu. Za singano musadandaule. Zanga zoyamba zinali masipoko a njinga ya bambo a kunyumba, ndinangowanola pa mwala.

Tsono mu Disembala 2022 mwana wanga wamkazi amene anakwatiwa ku Tete anachira, mwana woyamba. Ine kuyambira Okutobala ndinali pa ntchito: kajuzi, kachipewa, timasokosi, zonse zofanana mtundu. Ndinakwera chapa pa Ulongwe m'mamawa nditafunda chitenje chachiwiri. Mukudziwa msewu umene uja, makilomita oposa 200, ndipo ukamatsika mapiri umayamba kuvula chimodzi chimodzi. Pofika pa Moatize thukuta linali kamukamu. Titawoloka Zambezi ndinadziwiratu kuti ndalakwitsa. Nditamasula mtolo mwana wanga anaseka mpaka misozi, ati, “Amayi, mwabwera kudzandiphikira mwanayu?” Ku Tete miyezi imeneyo kumatentha mpaka madigiri 40, khanda limagona ndi thewera lokha. Pofika Juni, pamene kumazizirako, kajuzi kaja kanali katamuchepera. Ndiye amayi anzanga, mukamalukira mdzukulu muziyamba mwafunsa kumene akukhala, muwerengenso miyezi, n'kuluka chokulirapo.

Imeneyo ndi yoseketsa. Tsopano ya kumudzi. Tchuthi chachikulu cha ana athu chimagwa Disembala ndi Januwale, nthawi imene chimanga chili m'munda ndipo mbuzi zili pa chingwe. Mbuzi ya pa chingwe siidzisamala yokha ngati ya m'chilimwe. Imafuna munthu woisuntha kawiri kapena katatu pa tsiku, woipatsa madzi, woithawitsa mvula ikagwa. Ukaimanga pa malo otsetsereka kapena pafupi ndi chitsa, chingwe chimakolana ndipo imatha kudzipachika. Ikadula chingwe n'kulowa m'munda mwa mnzako, amfumu ali pano anene okha milandu imene amaweruza mu Januwale. Ine pochoka ndinangouza mdzukulu wa mlamu wanga, mwana wa zaka 12, kuti “uziona mbuzizi”. Mwana anaziona ndithu, ndi maso. Mwayi wake mlamu wanga anazindikira msanga n'kuzitengera kwawo.

Masiku ano ndikamachoka ndimasiyira munthu wamkulu, ndipo timawerenga ziweto limodzi pa khomo la khola. Ndimamuonetsa mbuzi imene ili ndi bere ndi mwezi umene inakweredwa, poti mbuzi imatenga miyezi 5. Ndimamuuza thadzi limene likufungatira ndi tsiku limene linayamba, poti mazira amaswa pa masiku 21. Gaga ndimasiya woyeza. Ndipo timapangana malipiro ndisananyamuke. Chibale chimatha chifukwa cha “tidzaona ndikabwera”. Chaka chatha mayi amene anandisungira ziweto ndinamulipira zipewa ziwiri za ana ake ndi msoti umodzi, tonse tinakondwa.

Koma chimene chinandigwetsa chaka chija sichinali mbuzi ayi. Tsiku lobwerera asewere anga anandigwirira tambala wamkulu wofiira. Mphatso ya asewere ungaikane? Ndinamumanga miyendo, m'chapa ndinamuika pansi pa mpando. Pansi pomwepo panali nkhuku za anthu ena, zina zochokera ku msika. Nditafika kunyumba madzulo ndinangodula kachingwe n'kumuponya m'khola limodzi ndi zanga. Ndinali ndi nkhuku 23.

Patapita masiku asanu tambala uja anayamba kusinza, mapiko atagwa ngati wavala jekete. Mawa lake mathadzi awiri chimodzimodzi, chitosi chobiriwira, kupuma mobanika. Ina khosi linapotoka, kumangozungulira pa malo amodzi. Chitopa. Pasanathe masabata awiri ndinatsala ndi nkhuku 6. Chimene chimandipweteka mpaka lero n'chakuti sizinathere pakhomo panga. Nkhuku zathu zimadyera limodzi pa dzala, ndiye matenda analowa nyumba zitatu zoyandikana nane, kuphatikizapo ya gogo wina amene nkhuku ndizo zinali sopo wake ndi mchere wake. Sanandinene, koma ndikakumana nawo ku mjigo ndinkasowa poyang'ana.

Sindikunena kuti asewere anandipatsa nkhuku yodwala. Mwina anaitengera m'chapa muja. Nkhuku imatha kukhala ndi chitopa masiku angapo ikuoneka bwinobwino, ikudya, ikulira. Kulakwa kunali kwanga, ndipo kunali kuwiri. Koyamba, nkhuku yachilendo siilowa m'khola tsiku lomwelo. Imafunika kukhala payokha, patali ndi zinzake, masabata awiri, ndi mbale yakeyake. Ngati mulibe poisunga, iphedwe, mudye, nthenga ndi matumbo mukwirire pansi, osataya pa dzala. Kachiwiri, mu Novembala otemera nkhuku anadutsa m'mudzi mwathu ine n'kuwabweza, ati ndalama ndikusungira ulendo. Ndinaumira timakobiri ta katemera n'kutaya nkhuku 17.

Katemera ameneyu, amene alangizi amamutchula kuti I-2, ndi dontho limodzi m'diso la nkhuku, basi. Amalandira zonse, tambala, thadzi lofungatira, ngakhale anapiye. Kuno ku Mozambique amaperekedwa katatu pa chaka, Malichi, Julayi ndi Novembala, chifukwa mphamvu yake imatha pakapita miyezi inayi. Ena mumati munatemera nkhuku n'kufa. Funso langa ndi lakuti, munatemera liti? Katemera si mankhwala ochiza. Nkhuku imene yadwala kale saipulumutsa, ndipo yabwino imafuna sabata imodzi kapena awiri kuti chitetezo chikhwime. Ndiye wa Novembala uno ndi wofunika kwambiri kwa ife oyenda, poti pofika pa 25 Disembala, tsiku la mabanja, nkhuku zimakhala zikuyenda m'misewu kuposa anthu. Tsiku la katemera musazitsekulire m'mawa. Otemera asamathamangitsane ndi nkhuku m'minda, botolo lija silifuna dzuwa.

Abambo, musaone ngati nkhaniyi ndi ya amayi okha. Inu mumabwera ndi kanyama ka nkhumba kokulunga m'pepala, mwagula pa msewu poti kanali kotchipa. Nyama ya nkhumba ikatchipa mwadzidzidzi, ndipo nyumba zingapo zikupha tsiku limodzi, dzifunseni. Nthawi zambiri ndiye kuti chigodola chalowa m'makola ndipo eni ake akuthamangira kupha zisanafe zokha. Chigodola sichigwira munthu, n'chifukwa chake timachipeputsa. Koma kachilombo kake kamakhala m'nyama nthawi yaitali, ngakhale yowamba kapena yothira mchere. Mayi akatsuka nyama ija n'kukathira madziwo m'chodyera cha nkhumba, kapena galu akakokera fupa ku khola, zatha. Nkhumba imatentha thupi, imasiya kudya, makutu ndi kumimba kumafiira, masiku ochepa yafa, ndipo zimatsatana. Kuno kwathu matendawa alibe katemera, alibenso mankhwala, ndipo Angonia ndi dera limene amabwerabwera. Ngati muli ndi nkhumba pakhomo, nyama ya kwina idyereni komweko. Nsapato zimene mwalowa nazo m'khola la abale musalowe nazo m'khola lanu musanazitsuke ndi sopo.

Wina afunsa kuti nanga tizipita kwa abale chimanjamanja? Ayi. Tili ndi mbatata ya kachewere, tili ndi nyemba, ku Tete amazilandira ndi manja awiri. Ndipo apa ndi pamene zoluka zimandithandiza. Chipewa sichilira m'chapa, sichifuna madzi, sichibweretsa chitopa. Asewere anga ndinawafotokozera zonse mwaulemu, anamva chisoni, ndipo tsopano tambala amamupha ndili komweko, timadyera limodzi. Pobwerera amandipatsa nsomba zouma ndi malambe.

Chaka chino ndikupitanso, mdzukulu uja tsopano akuthamanga. Ndamulukira juzi ya mwana wa zaka zinayi, aikulire. Nkhuku zanga zabwerera pa 19 ndipo dzina langa lili kale m'kope la otemera. Amene simunalembetse muonane ndi alembi tikamatuluka, kuti otemera adziwe kuchuluka kwa nkhuku asanaitanitse mabotolo. Amayi amene mukufuna kuphunzira kumasula juzi, Lachinayi masana tikumane pansi pa mtengo wa mango pa sukulu, wailesi ndibweretsa ndine. Aliyense abwere ndi juzi imodzi yakale ndi masipoko awiri.