Phiri Silipatukira Ndege

Inu ana athu amene lero mukulandira masatifiketi a ntchito yokonza maulendo a ndege, tamverani.

Munthu akaima pa bwalo la Chileka masana a mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, phiri la Michiru lili chiimire chapafupi, naona ndege ikunyamuka mwamtendere, sadziwa kuti mpweya wotenthawo wapepuka, kotero kuti mapiko sagwira monga agwirira m'mamawa, injini nazo mphamvu zachepa. Ndipo bwalo likakhala pamtunda, monga la Addis Ababa limene lapitirira mamita 2,300 pamwamba pa nyanja, vutolo limakula koposa.

Tsono lamulo la ntchito yanu silikhutira ndi ndege yokwera ndi injini zonse ziwiri. Lifunsa kuti, imodzi ikafa pofika pa liwiro lija mumalitcha V1, limene woyendetsa akalipitirira sangathenso kuima msewu wa ndege usanathe, kodi yotsalayo idzainyamula ndegeyo mafiti 35 pofika kumapeto, ndi kuikwezabe, matayala atalowa, mamita 24 pa mamita 1,000 aliwonse? Ndipo pakuyesa mapiri simuwerengera 24 onsewo, koma muchotsapo 8, pakuti ndege siuluka tsiku lililonse monga inaulukira poyesedwa. 16 otsalawo ndiwo ayenera kuidutsitsa mafiti 35 pamwamba pa chitunda, mtengo kapena nsanja iliyonse ya m'njiramo.

Kutsogolo kukakhala phiri losakwereka, mudzalemba njira yapadera yokhotera kuchigwa, mukukumbukira kuti ndege ikapendekeka pokhota imataya gawo la kukwera kwake. Zikakanikabe, palibe kuchitira mwina: katundu atsike, okwera ena atsale, kapena ulendo udikire kuzizira kwa madzulo.

Apa ndipo mudzayesedwe, ana anga. Adzafika wamkulu, wotchi ili m'manja, ndi kukuuzani kuti injini za masiku ano sizifa wamba, ndipo adzakhala akunena zoona. Koma akuluakulu anati tsoka silinunkha, ndipo woyendetsa amene injini yamuzimira mumtambo, phiri osaliona, alibe nthawi yokhala pansi ndi pensulo, koma atsata mzere umene inu munaulemba dzulo muli phee mu ofesi, naika pa mzerewo moyo wake ndi wa onse amene akhala kumbuyo kwake.

Chifukwa chake ndikupemphani, pamaso pa makolo anu ali panowa, kuti matumba otsala pabwalo asakuchititseni manyazi, ndipo musaike dzina lanu pa kulemera kumene simunakuwerengere nokha. Ambuye akutsogolereni pa ntchito yanu.