Mafuta Akaloŵa M'nthaka ya ku Chigwa



M'chaka cha 2024 sitima ya pamtunda yonyamula mafuta kuchokera ku doko la Beira inafika pa Marka, m'boma la Nsanje, patapita zaka pafupifupi 40 njanjiyo ili chigonere. Anthu anakondwera, ndipo kunali koyenera kutero. Cholinga cha ntchito yokonza njanjiyo nchakuti sitima zikafike ku Bangula, kufupi ndi Chiromo. Tsono kulikonse kumene mafuta amatsitsidwa pamakhala mathanki, mipope ndi magalimoto odikira katundu, ndipo pamalo otero sipalephera kudontha kanthu. Nkhani ya lero ili pa mafuta amene amagwa pansiwo.

Aliyense wodziŵa Chiromo akudziŵa kuti malowa ndi a madzi. Apa mpamene mtsinje wa Ruo umathira mu Shire, kumunsi kwa dambo lalikulu la Elephant Marsh. Mlatho woyamba wa njanji unakokoloka mu 1948, ndipo mu 1997 madzi anadulanso njanji pakati pa Bangula ndi Makhanga. Chigwachi chinamiranso mu 2015, kenaka ndi anamondwe a Idai mu 2019, Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023. Nthaka yake ndi ya mchenga ndi matope obwera ndi mitsinje, kotero kuti m'malo ambiri munthu sakumba patali asanapeze madzi.

Dizilo kapena petulo akatayikira pa nthaka yotere sakhala pamwamba. Amatsika pang'onopang'ono pakati pa mchenga kufikira atakumana ndi madzi a pansi, ndipo popeza ndi opepuka, amayandama pamwamba pa madziwo monga achitira mafuta mu msuzi wa nyama. Dzinja likafika madzi a pansi amakwera nawo mafutawo. M'chilimwe amatsika nawo. Motero chaka ndi chaka mafuta amapakika m'nthaka yonse imene madziwo adutsamo. Mbali ina ya mafutawo imasungunuka n'kuyenda ndi madzi kunka ku zitsime ndi mijigo. M'petulo muli mankhwala otchedwa benzene, amene amayambitsa khansa ya m'magazi, ndipo bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limati m'lita imodzi ya madzi akumwa asapitirire mamaikulogalamu 10. Muyeso umenewu ngwochepa zedi, mwakuti diso silingaone. Klorini amene amayi amathira m'ndowa amapha tizilombo ta kolera, koma mafuta sawachotsa.

Pali chifukwa china chimene chikulitsa vutoli ku Chikwaŵa ndi ku Nsanje. Mijigo yambiri ya kuchigwa imatulutsa madzi amchere, ndipo pamudzi pakapezeka umodzi wa madzi okoma, midzi yozungulira imadalira womwewo. Ukaipitsidwa umenewo, amayi amabwerera ku Shire, kumene kuli ng'ona. Madzi akasefukira amanyamulanso mafuta a m'maenje ndi m'migolo kupita nawo m'madimba a chimanga ndi mbatata, ndi m'dambo mmene asodzi amapha mlamba ndi makakana. Damboli linalembedwa mu 2017 m'kaundula wa madambo ofunika pa dziko lonse, pansi pa pangano la Ramsar.

Wina angati izi nzoopseza chabe. Ayi. Ku Ogoniland, m'dziko la Nigeria, bungwe la United Nations loona za chilengedwe linatulutsa lipoti mu 2011. Pa mudzi wa Nisisioken Ogale anapeza mafuta okwana masentimita 8 akuyandama pamwamba pa madzi a pansi, ndipo m'zitsime zina benzene anaposa muyeso wa WHO ka 900. Anthu ankamwa madzi omwewo. Lipotilo linati kukonza dzikolo kungatenge zaka 25 kapena 30. Kumeneko kunali mipope ya makampani akuluakulu. Kuno ngozi ingayambire pa zinthu zimene anthu anazoloŵera: thanki lokwiriridwa limene lachita dzimbiri, mgolo wa dizilo pachigayo, injini yopopera madzi a mthirira yoikidwa pamphepete pa chitsime, ndi oyilo wakuda amene amakaniko amakhuthulira kuseri kwa galaja. Ena amapaka oyiloyo pa mitengo ya khola poopa chiswe, wotsala n'kutaya pansi.

Malamulo alipo. Pali lamulo la chilengedwe la 2017 limene linakhazikitsa bungwe la MEPA, lamulo la madzi la 2013, ndiponso bungwe la MERA limene limapereka ziphaso za malonda a mafuta. Koma lamulo limagwira ntchito pokhapokha wogwira ntchito m'Boma atachoka pampando ndi kukaona ndi maso. Woyendera malo afunse ngati thanki lili ndi mpanda wa simenti wotha kusunga mafuta onse litabooka, ngati lili pamwamba kuposa pamene madzi a Freddy anafika, ndiponso kumene oyilo wotha ntchito amapita. Mlangizi wa za umoyo akamva amayi akudandaula kuti madzi akununkha palafini, kapena akaona utawaleza pamwamba pa madzi m'ndowa, atseke mjigowo tsiku lomwelo ndi kudziŵitsa ofesi ya madzi ya paboma, pakuti kupima kwa masiku onse kumafuna tizilombo, osati mafuta.

Chachikulu nchakuti madzi a m'mijigo yonse yoyandikana ndi malo otsitsira mafuta, kuyambira pa Marka mpaka ku Bangula ndi Chiromo, apimidwe msanga, thanki lililonse latsopano lisanamangidwe. Zotsatira zake zilembedwe, zisungidwe ku ofesi ya Bwanamkubwa, ndipo mfumu ya deralo ipatsidwe pepala lake. Popanda pepala limenelo, tsiku limene mjigo udzanunkhe dizilo mwini thanki adzangoti madziwo anali otero kuyambira kale, ndipo anthu a pamudzi sadzakhala ndi umboni womutsutsira.