Ulendo wa Chaka Chino: Ku Lilongwe Kapena ku Zomba?

(Mawu amene ndinayankhula pa msonkhano wa bungwe lathu ku Mzuzu)



A msungichuma atiuza poyera kuti ndalama zimene tasonkha zikukwanira ulendo umodzi wokha wa ana a Fomu 3. Ena mwa ife akuti tipite nawo ku Lilongwe, ena akuti ku Zomba, enanso akuti konse kuwiri. Kwa otsirizawa ndingoti: ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Tisankhe kumodzi.

Ndiyambe ndi Lilongwe, pakuti sindikufuna kuunyoza. Kuchokera kuno ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 360 pa msewu wa M1, kudzera pa Jenda ndi Kasungu. Tikanyamuka m'mamawa, nsima ya masana tikadyera komweko. Ana akaona Capital Hill, chiliza cha Kamuzu chimene chinatsegulidwa mu 2006, Nyumba ya Malamulo ya mu 2010, ndi bwalo la masewero la Bingu la mu 2017. Mafuta ndi ochepa, ndipo ambiri a ife tili ndi abale kumeneko.

Koma taganizani, abale anga. Ana amenewa ku Lilongwe adzapitako okha, tifune tisafune. Ntchito akaifunira komweko, kaunjika akamuodera komweko, ndege akakwerera komweko. Nanga ku Zomba adzawatengera ndani?

Ine mbiri ya dziko lino ndinailoweza bwino lomwe, mayeso n'kukhoza. Koma ku Zomba ndinapondako koyamba imvi zitayamba kale. Nditaima pa nyumba imene John Buchanan anamangira kazembe wa Angerezi m'zaka za m'ma 1880, imene Harry Johnston anakhalamo atafika mu 1891, ndinachita manyazi. Zimene ndinkaziyesa nthano za m'buku zinali njerwa zenizeni zoti n'kuzigwira ndi dzanja.

Zomba inali likulu mpaka 1975, ndipo aphungu anapitiriza kukumana kumeneko mpaka 1994. Kuli chipilala chokumbukira asilikali a KAR amene anafera pa nkhondo. Kuli nyumba yosungira zolembedwa zakale za boma. Kuli Yunivesite ya Malawi, pamene Chancellor College inasamukira mu 1973. Kuli ofesi ya MANEB, imene ana athu amaimva dzina lokha mtima ukugunda. Cha kufupi kuli Mikuyu, kumene mlakatuli Jack Mapanje anatsekeredwa kuyambira 1987 mpaka 1991 popanda kuzengedwa mlandu. Pamwamba pa phiri akaima pamene anaima mfumu Haile Selassie mu 1965, n'kuona nyanja ya Chilwa ndi phiri la Mulanje.

Kumbukirani kuti Mzuzu ndi mwana wa dzulodzuloli. Anaphuka pa munda wa mitengo ya tung m'zaka za m'ma 1940, ndipo anakhala mzinda mu 1985. Mwana wokulira ku Chibavi kapena ku Katawa sanaonepo tauni yokalamba. Tikapita naye ku Lilongwe akaona Mzuzu wamkulu chabe.

Vutoli si lathu lokha. Alendo opita ku Vietnam nawonso amavutika kusankha pakati pa likulu la Hanoi ndi tauni ya Hoi An. Hoi An linali doko lotchuka, koma mtsinje utadzadza mchenga, zombo zinasamukira ku Da Nang. Kusiyidwako ndi kumene kunapulumutsa nyumba zake zakale, ndipo mu 1999 bungwe la UNESCO linaiika pa mndandanda wa malo oyenera kusungidwa. Zomba nayo inasiyidwa chimodzimodzi, ndipo n'chifukwa chake idakali ndi zoonetsa.

Sindikubisirani kanthu: ku Zomba n'kutali. Ulendo wake ndi wa tsiku lathunthu, mafuta ndi ochuluka, ndipo ndalama zathu zipelewera. Maganizo anga ndi awa. Tidzere msewu wa kunyanja wa M5 m'nyengo ya chilimwe, milatho isanavute. Tikaime ku Bandawe, kumene amishoni anakhazikika mu 1881, ndiponso ku Nkhotakota pa mtengo umene David Livingstone anakumanirana ndi Jumbe. Msewu womwewo usanduka kalasi. Titenge ufa, nyemba ndi mapoto athu, ndipo tilembere sukulu ina ya ku Zomba kupempha pogona. Chotsalacho tisonkhenso, pakuti mutu umodzi susenza denga. Ine ndiyamba ndi thumba la ufa.

Tikaimika manja posachedwapa, aliyense asankhe momasuka. Mukasankha Lilongwe, ndikwera nawo basi mosanyinyirika. Ndingopempha kuti musanaimike dzanja, muganizire mwana amene kwawo sangathe kumulipirira ulendo wina uliwonse. Kwa iyeyo, mwina uno ndi wokhawo.