Mpweya wa m'thovu la thobwa

 Inu a kwa Nzama ku Ntcheu, lero tikambe za chinthu chimene simunachionepo, chikhalirecho mukuchitulutsa m'mphuno pompano: mpweya wa carbon dioxide.

Amayi ophika thobwa mumaudziwa. Thovu lija limaphulika thobwa likayamba kusasa, ndi womwewu. Ndiwonso umafufumitsa mandasi mukathira yisiti. Chimanga, kabichi ndi mbatatesi za m'madimba mwanumo zimaukoka masana n'kupangira chakudya chawo. Tikaotcha makala, kapena kuyatsa tchire posaka mbewa, timaubwezera kumwamba.

Mu 1958, wasayansi Charles David Keeling anayamba kuuyeza pa phiri la Mauna Loa ku Hawaii. Anapeza magawo pafupifupi 315 pa magawo miliyoni imodzi a mpweya wonse. Lero apitirira 420, ndipo ukachuluka umatsekera kutentha padziko ngati chivindikiro pamphika.

Masiku ano kuli tizipangizo totchipa toyezera mpweyawu, tokwana m'chikhatho. M'kati mwake mumadutsa kuwala kosaoneka ndi maso. Mpweyawu umameza kwina, ndipo kachipangizoko kamawerengera kotsalako.

Tiyerekeze kuti ana a sukulu apachika kamodzi pamtengo m'mbali mwa dimba. M'bandakucha, kunja kuli zii kopanda mphepo, nambala idzakhala yokwera, chifukwa usiku wonse zomera, nthaka ndi ziweto zimangoutulutsa, ndipo umakhazikika m'chigwa pamodzi ndi chisanu. Dzuwa likakwera, masamba ayambanso kuukoka, mphepo iwumwaza, nambala itsika. Mwana woona zimenezi ndi maso ake sadzaiwala kuti nawonso munda umapuma.

Koma tisakanyadire mopitirira. Kachipangizo kotere kamatha kuphonya ndi magawo 30 kapena 50, pamene mpweyawu padziko lonse ukukwera ndi magawo awiri kapena atatu okha pachaka. Sikelo yoyezera matumba a mbatatesi pa msika wa Lizulu simungayezere mchere wa m'ndiwo. Chinanso, ana akaunjikana kuti asuzumire, nambala ithamanga, pakuti mpweya wa m'kamwa mwathu uli ndi magawo pafupifupi 40,000. Choncho ngati muli nato tingapo, tiikeni kaye pamalo amodzi muone kusiyana kwake. Kenako muziyeza pamalo omwewo, nthawi yomweyo, mutaima patali, n'kulemba m'kope.

Ndisanatsanzike, pali chimodzi chimene ambiri amasokoneza. Kwanuko kumazizira mu June ndi July, ndipo ena mumalowetsa mbaula m'nyumba. Mpweya umene umapha anthu ali m'tulo ndi wina, dzina lake carbon monoxide, ndipo kachipangizo takambaka sikaumva. Musanatseke chitseko, agogo, mbaulayo ituluke.